Wochimwa wa Chaka Chino

M'mudzi mwathu nyumba iliyonse ili ndi gawo lake pa tshechu, chikondwerero cha magule a kukachisi. Kwa amalume a Lhendup n'kumene kumachokera wophunzitsa magule. Nyumba ya pafupi ndi mpope imapereka woimba lipenga, ina imaphikira a Lama, mkulu wa mapemphero, ina ntchito yake ndi kungosesa bwalo la kachisi. Ife gawo lathu ndi la wochimwa. Tsiku lachitatu la chikondwererocho, pa gule wa chiweruzo cha akufa, pamafunika munthu wovala chigoba chakuda ndi chikopa cha mbuzi, woti athamangitsidwe, agwidwe, akagwade pamaso pa Shinje, Woweruza Akufa. Agogo anga anagwada. Bambo anga, a Phurba, agwada zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chaka chino bondo lawo linatupa, ndiye amalume anandiloza ine ndi mlomo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sindinakane. Kukana sindikudziwa, ndipo kuvomera kwanga ndi kungoyang'ana pansi. Kusukulu yogonera komweko, kumene ndinakhala zaka zinayi, aphunzitsi ena ankafika pomaliza chaka asanamvepo mawu anga. Mayeso a kalasi 10 atandikana ndinabwerera kumudzi ndi bokosi langa lachitsulo, ndipo anthu anandilandira ngati mlendo amene sakudziwa pomukhazika.

Koma bondo la bambo silinatupe lokha. Ndine ndinalitupitsa, ngakhale panthawiyo palibe amene ankadziwa.

Tinali ndi ng'ombe yolimira, yakuda, ya chipumi choyera, dzina lake Dongkar. Amayi atadwala chifuwa chosatherapo, n'kubwerako kuchipatala chachikulu ndi thumba la mapiritsi koma osasintha, bambo anapita kwa wowerenga nyenyezi. Iye anafunyulula mabuku ake, anawerengera chaka chimene amayi anabadwa, nanena kuti moyo wawo wafupika, ndipo ungatalike ngati titapulumutsa moyo wina. Nyama ina yoti n'kuitchula tinalibe. A Lama anabwera, anapaka batala pa nyanga za Dongkar, anamuthira madzi odalitsidwa pamsana, namumanga timansalu tofiira ndi tachikasu kukhutu. Kuyambira tsiku limenelo Dongkar sanalinso woti n'kumangidwa goli, kugulitsidwa kapena kuphedwa. Ankangodziyendera m'phiri mmene wafunira, madzulo n'kubwera kudzanyambita mchere m'dzanja la amayi.

Ndipo amayi anadzukadi. Anayambanso kuomba nsalu pakhonde, anafika mpaka pozungulira kachisi katatu osapumira. Kaya anali mapiritsi kaya anali Dongkar, ine sindidziwa. Kusukulu anatiphunzitsa zina, kunyumba ndinakulira zina, ndipo zonsezo ndimangozisunga osaziyambanitsa. Koma amayi sankakayika. Ankati Dongkar akamatafuna, iwonso amapuma.

Chimanga chitayamba kukhwima, nguluwe zinatsika. Kulondera kunagwera ine, poti ndinalibe chochita china, mmene anthu ankanenera. Ndinkagona pansanja pakati pa munda, kumenya chitini, kukuwa, kuponya zikuni zamoto, kukacha n'kupeza kuti zadya mbali ina imene sindinayang'ane. Masana ndinkasenza manyowa ndi kudula udzu. Masabata atatu anatha choncho, maso ali psuu, mutu ukulira ngati muli njuchi. Ndinatopa. Ndafunafuna chifukwa china chooneka bwino kuposa chimenechi, koma palibe.

Kwathu munthu satchera khwekhwe. A Lama amaletsa, azankhalango amaletsa, ndipo nyumba imene muli wodwala ndiye sinenanso. Koma mnzanga wina kusukulu anandisonyezapo kapindidwe ka waya. Ndinatenga waya wakale kuseri kwa khola, ndinakwera kukhwawa la nsungwi limene lili pamwamba pa munda wathu, ndinatchera misampha itatu m'tinjira ta nguluwe. Ndinadziuza kuti imodzi ikangogwidwa, zinazo zimva fungo, zithawa, ine ndigone.

Tsiku lachitatu ndinapeza Dongkar. Waya unamugwira mwendo wakutsogolo. Zikuoneka kuti analimbana nawo, nthaka inali yokumbikakumbika, kenako anaterereka potsetsereka n'kugwera khosi. Timansalu tija tinali tikadali kukhutu, tonyowa ndi mame. Sindikumbuka kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinathyola nthambi, ndinamufunditsa ngati kuti akumva kuzizira, ndinatsika. Misampha iwiri inayo sindinaikhudze. Inatsala momwemo, yotchera, ikudikira.

Madzulo amenewo amayi anakhala pakhomo ndi mchere m'dzanja mpaka mdima. Mawa lake bambo anaika mchere m'thumba la gho yawo, mkanjo umene amuna amavala kwathu, anatenga ndodo, anakwera phiri.

Anakwera choncho masabata asanu. Anayambira kutali, kumsipu wa pamwamba kumene Dongkar ankakonda, poganiza kuti watsata ng'ombe za anthu a kutsidya. Kenako anayamba kutsika khwawa ndi khwawa, lero ili, mawa linalo, kubwerera chakumudzi. Bondo lawo linali lovuta kale. Sabata yachiwiri ankabwera akukoka mwendo, yachitatu ankakhala pamwala wa pachipata kaye asanalowe, kuti amayi asaone mmene akuyendera. Akalowa ankanena kuti aona mapazi, kapena ndowe zatsopano, kapena kuti wodula nkhuni wina wamva belu chakumpoto. Ine ndinkadya chimanga chosinja ndi tsabola wa tchizi maso ali m'mbale, ndikudziwa kuti mapaziwo kulibe. Mwina bambo nawonso ankadziwa. Amayi ankamvetsera, n'kufunsa kuti mapaziwo analoza kuti.

Chisanu chitayamba, chifuwa chija chinabwerera. Amayi anasiya nsalu ili pakati, anagona.

Ndinkawerengera makwawa. Ndinkadziwa kuti tsiku lina bambo afika ku la nsungwi, ndipo waya sasankha mwendo. Kawiri konse ndinanyamuka kuti ndikachotse misampha ija. Ulendo woyamba fungo linandichingamira ndisanafike, ndinabwerera. Ulendo wachiwiri ndinakumana ndi azimayi awiri akusesa masamba oika m'khola, anandifunsa kumene ndikupita, ndinati ndikungoyenda, iwo anaseka kuti ophunzira ali ndi nthawi. Ndinatsika nawo limodzi, nditawasenzera dengu. Sindinapitenso. Ndinkangoti mawa, mawa.

Zoyeserera magule zinkachitika masana kubwalo la kachisi, mphepo ikuomba fumbi m'maso. Amalume a Lhendup ndi munthu wamfupi, wa mano ofiira chifukwa chotafuna doma, mtedza wofiiritsa m'kamwa, ndipo akamaphunzitsa salankhula pang'ono. Mawu a wochimwa ndinawaloweza tsiku limodzi, kuloweza si vuto kwa ine. Wochimwayo amadzitama kaye: ndinapha mbawala m'mapiri, ndinapha nsomba m'mitsinje, ndinatchera misampha, ndinatentha nkhalango, ndinatukwana amonke a kukachisi. Kenako Shinje amamufunsa katatu ngati watsala nacho china, iye amayankha katatu kuti palibe. Limenelo ndi bodza, ndipo aliyense amadziwa, chifukwa pomwepo mtumiki wa Shinje wa mutu wa njoka amakweza kalilole, zonse n'kuonekera. Wa mutu wa nguluwe amawerenga timiyala takuda ndi toyera, wa mutu wa nyani amayeza pasikelo, takuda n'kulemera, wochimwa n'kukokedwa pa nsalu yakuda kupita kumoto.

Vuto linali mawu anga. Amalume ankaima kumapeto kwa bwalo, dzanja kukhutu.

"Jambay, wochimwa wanji wonong'ona? Munthu wapha mbawala zana, ukulankhula ngati ukubwereka singano."

Kezang, amene ndinakula naye ndipo ankavala mutu wa ng'ombe, ndiye wondithamangitsa, anati amalume asandivutitse, tchimo langa lalikulu ndi masamu, ndipo limenelo boma linaweruza kale. Anyamata onse anaseka. Anayamba kunditchula kuti aphunzitsi. Wina anati chaka chino Shinje asowa chochita, amubweretsera wochimwa amene nsabwe akaipeza m'malaya amakaisiya panja n'kuitsanzika. Inenso ndinamwetulira, poti ndimo mmene umachitira ukamasekedwa. Koma pofika pa mawu akuti ndinatchera misampha, lilime linkalemera, amalume n'kumati pamenepo ndiye ndikumeza mawu kwambiri, ndibwereze, ndibwerezenso, kasanu, kakhumi.

Shinje wathu ndi chifanizo chachikulu cha nsungwi ndi nsalu, nkhope yofiira, maso atatu, chachitali kuposa khomo la kachisi. M'kati mwake mumakhala munthu pakampando, amaonera ndi kupumira pa kansalu kopyapyala kamene kali pamimba pa chifanizocho, ndipo ndi iye amalankhula mawu a chiweruzo. Mkulu amene ankakhalamo zaka zonsezi ana ake anamutengera kumzinda wa Thimphu. Amalume anayang'ana bondo la bambo, nati kuthamanga ndiye kwatha, koma kukhala pansi angathe. Bambo anati zaka makumi awiri ndi ziwiri akupita kumoto, n'kwabwino kuti akwezedwe pantchito asanafe. Anaseka okha. Anali ataonda, khosi likuoneka mitsempha.

Sanabwere kudzayeserera kawirikawiri, chifukwa cha phiri. Koma tsiku lina akumanga bondo ndi nsalu yonyika m'madzi otentha anandipatsa langizo limodzi lokha. Anati mawu asandidetse nkhawa, ng'oma zimawameza. Anati chachikulu ndi kuthawa.

"Ukamathawa, uzithawa zenizeni. Anthu amadziwa wothawa mwamasewera."

Kenako anati tshechu ikangotha ayamba makwawa a pamwamba pa munda wathu, atsala amenewo okha.

Masiku awiri oyamba a chikondwerero anadutsa ngati ndili m'madzi. Anthu anavala zabwino zawo, malipenga analira, magule anavinidwa, ine ndinkathandiza kumanga zigoba kuseri, osamva njala. Tsiku lachitatu amayi anaumirira kuti apita. Anati chiweruzo cha akufa munthu ayenera kuchiona ali moyo, kuti tsiku lokumana ndi a mitu ya nyama aja asadzachite mantha, adzawazindikire. Anavala kira, nsalu yawo yaitali ya silika, imene inali itawakulira, amalume anawabereka kumsana mpaka kubwalo, anawakhazika potsamira khoma, padzuwa.

Chigoba cha wochimwa n'cholemera, ndipo m'kati mwake mumanunkha thukuta la bambo ndi mowa wa agogo. Umaonera pakamwa pake, timipata tiwiri pakati pa mano. Shinje anatulutsidwa, anthu anaimirira, ena anagwetsa nkhope pansi. A mitu ya nyama anavina nthawi yaitali, kuzungulira, kuzungulira, mpaka dzuwa linapendeka. Kenako amalume anandikankha pamsana, ndinatulukira pabwalo.

Ndinathawa. Ndinalumpha miyendo ya anthu, ndinagubuduza mtanga wa mpunga wa banja lina, ndinabisala kumbuyo kwa agogo ena amene anandimenya ndi manja a malaya akuseka. Ana ankakuwa kuti uyu ali apa, uyu ali apa. Kulikonse kumene ndatembenukira, m'timipata tija munkalowa nyanga. Ndinkadziwa kuti ndi Kezang, ndinkadziwa kuti ndi mtengo wosema wopaka utoto, komabe ndinathamanga mpaka ndinatuluka pachipata cha kachisi, zimene wochimwa sachita. Anthu anakondwa nazo zimenezo. Kezang anandigwirira pa masitepe, akupuma movutika. Anandikulunga chingwe m'chiuno, nandinong'oneza kuti aphunzitsi, mwafuna kundipha kodi, bwererani anthu akudikira.

Anandikokera pamaso pa Shinje. Ndinadzitama mmene anandiphunzitsira, ndipo mwina chifukwa cha kuthamanga, mawu anatuluka aakulu. Ndinapha mbawala m'mapiri, anthu anaseka. Ndinapha nsomba m'mitsinje, anaseka. Ndinatchera misampha. Mayi wina anakuwa kuti mwana wa a Phurba ameneyo angatchere chiyani, bwalo lonse linagwa ndi phwete. Ndinaona amayi patali, nawonso ankaseka, dzanja lili pachifuwa.

Kenako ndinagwada. Wochimwa amagwada pafupi kwambiri, chipumi chikukhudza mawondo a Shinje, pafupi ndi kansalu kopyapyala kaja. Pamenepo ng'oma ndi mbale zamkuwa zimayamba mwamphamvu, moti anthu amangoona mitu ikugwedezeka. Ndinkamva kupuma kwa bambo. Ndinkamva ngakhale fungo la mankhwala amene anapaka pabondo.

Anafunsa ndi mawu aakulu a Shinje ngati ndatsala nacho china. Ndinati palibe. Anafunsa kachiwiri, ndinati palibe. Pofunsa kachitatu mawu awo anasasa, anatsokomola pang'ono m'katimo, chifuwa cha munthu wotopa amene wakhala m'nsalu zotentha kuyambira m'mawa. Sindinakonzekere chilichonse. Ndikanakonzekera sindikananena.

"Bambo, Dongkar anafa. Ali kukhwawa la nsungwi. Ndine ndinatchera waya."

Ng'oma zinapitiriza, chifukwa zimadikira kuti Shinje akweze dzanja. Dzanjalo silinakwere. Wa mutu wa njoka anali ataima ndi kalilole wake, osadziwa kuti akweze kapena ayi. Oimba anabwereza chigawo chomwecho, n'kubwerezanso. Ndinaona mapazi a amalume akuyandikira m'mbali, akupondaponda. Ndinaganiza kuti mwina bambo sanamve, ndipo ndikuvomera kuti mtima wina unakondwa.

"Liti?" Amenewo sanali mawu a Shinje.

"Masabata asanu apitawo."

Anapuma kawiri, katatu. Kenako dzanja lalikulu lija linakwera, ng'oma zinaleka, kalilole anaonetsedwa, timiyala tinawerengedwa. Bambo ananena chiweruzo chonse osaphonya liwu limodzi, mokweza, mmene anachimvera zaka zonse zija atagwada pamene ndinagwada inepo. Anayala nsalu yakuda. Anandikoka, ine osalimbana nawo, moti Kezang anandinong'oneza kuti ndiphiriphithe pang'ono, kumoto sapita ngati kumpope.

Gule sathera pa wochimwa. Pambuyo pake pamabwera munthu wolungama, iyenso amaweruzidwa, n'kupita pa nsalu yoyera. Kenako anthu onse amandanda kudzalandira dalitso kwa Shinje. Bambo anakhalabe m'katimo nthawi yonseyo. Ine ndinali kuseri kwa khomo, chigoba chili m'manja, ndikusuzumira. Amalume anabweretsa amayi atawagwira m'khwapa. Amayi anawerama, anagunditsa chipumi pa mawondo a Shinje, pamalo pomwe paja, ndipo dzanja lalikulu linatsika pamutu pawo. Linakhalitsa pamenepo kuposa pa anthu ena. Amene anali kumbuyo anayamba kunyinyirika kuti mzere uyende.

Atawatulutsa m'chifanizomo, bambo anali atanyowa ngati agwera mumtsinje. Amalume anabwera akutafuna doma, nati kuthamanga kwanga kunali kwabwino, kuposa kwa bambo ali mnyamata, koma pa funso lachitatu panachitika chiyani, oimba manja anatsala pang'ono kuthothoka. Bambo anati anagona tulo, m'menemo mukutentha. Amalume anatukwana mwanthabwala n'kupita kukalandira alendo.

Tinatsala awiri kuseri kwa kachisi, pamene amaunjika nkhuni. Bambo anakhala pachipika, anamasula nsalu ya pabondo pang'onopang'ono, anaikulunga bwinobwino, anaiika pambali. Bondolo linali ngati dzungu. Sanandiyang'ane. Ndinkadikira kuti andimenye, ndipo ndikanakonda atatero. Anafunsa ngati Dongkar anavutika nthawi yaitali. Ndinati sindikudziwa, kenako ndinati nthaka inali yokumbika kwambiri. Anagwedeza mutu. Anafunsa chimene ndinatcherera, ndinati tulo. Anati akanandilandira kulonderako ndikanangonena, ndipo n'zoona, akanandilandira.

"Misampha inali ingati?"

"Itatu."

"Inayo?"

"Ikadali komweko."

Apa m'pamene anandiyang'ana. Sanakweze mawu. Anati za mwendo wawo alibe nazo ntchito, unatha kale, koma kukhwawa kumeneko ana amapita kukadula nsungwi, ng'ombe za anthu zimamwa kumeneko, ndipo ine ndakhala masabata asanu ndikudya, ndikugona, ndikuvina. Anati ndinyamuke nthawi yomweyo dzuwa lisanalowe, ndisasinthe ndi zovala zomwe. Ndinafunsa za amayi. Anasisita bondo.

"Za mapazi ndi belu ndikanena ndekha, bodza limenelo ndi langa. Zinazo ukanena ndiwe. Sindikunyamulira."

Ndinakwera ndi chikopa cha mbuzi chili pathupi. Kumbuyo malipenga ankalirabe. Fungo linali litachepa, zinthu za m'tchire zinali zitagwira kale ntchito yake, panatsala chikopa chouma pa nthiti ndi mutu. Ndinamasula waya kufupa la mwendo. Msampha wachiwiri unali chitcherere, pakati pa kanjira, masamba ataukwirira moti inenso ndinaufuna ndi ndodo. Wachitatu unali utafwamphuka wokha, wopanda kanthu, munali ubweya pang'ono basi. Ndinakulunga mawaya onse atatu, ndinatsika. Anthu ankabwerera kwawo m'magulumagulu, ena ataledzera, ndipo ondiona ankakuwa kuti taonani wochimwa wathawa kumoto. Ndinkawaweramira n'kudutsa.

Ndinafika kunyumba kukuyamba kuchita chisisira. Bambo anali panja, akuwaza nkhuni atakhala pansi, ntchito yosafunika chifukwa nkhuni zinalipo. Anandiuza ndi mutu kuti ndilowe. Amayi anali atagona pafupi ndi mbaula, akadali ndi kira ya silika ija, mikanda yopempherera ili m'dzanja. Maso anali otupa. Anali atauzidwa kale kuti mapazi kunalibe.

Ndinagwada, ndinaika mawaya pansi pakati pathu, ndinanena zonse. Zinatenga nthawi yochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi ankayang'ana mawayawo, osati ine. Atafunsa tsiku, ndinawauza, ndipo anayamba kuwerenga pamikanda, milomo ikugwedezeka.

"Masiku makumi atatu ndi asanu," anatero. "Ndipo ine ndikadali pano." Anatsokomola nthawi yaitali. "Kapena ndikungochedwa."

Ndinati, Ama, mapiritsi akadalipo, mwezi wamawa tipitanso kuchipatala. Anakweza dzanja kuti ndisiye. Anati zimenezo si zimene zikuwapweteka. Anati wakufa amayenda masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi asanapeze kokabadwiranso, kaya ndi munthu kaya ndi ng'ombe, ndipo amayenda mumdima. Dongkar anawasenzera moyo wawo chaka chathunthu, ndiye wayenda masiku makumi atatu ndi asanu popanda womuyatsira nyali ngakhale imodzi, popanda womutchula dzina m'pemphero, ife tikumuitanira mchere.

"Ukanangonena tsiku lomwelo, Jambay. Kupha unapha, zinachitika. Koma kumusiya yekha."

Sanalire. Anawerenganso mikanda, anati kwatsala masiku khumi ndi anayi, ndipo masiku onsewo nyali isazime m'chipinda chopempherera, woyatsa ndikhale ine, m'mawa ndi madzulo. Mawa ndipite ndekha kwa a Lama, ndikanene ndi pakamwa panga, osati kutuma bambo. Ndinati chabwino. Anati batala ali m'chitini cha pamwamba, amene ankasungira tiyi wa alendo a tshechu.

Ndinasungunula batala pambaula, ndinapota chingwe cha thonje, ndinachiimika m'kachikho kamkuwa. Ndinataya batala pang'ono pansi. Chitseko cha chipindacho chinali chotsegula, amayi ankaona ali chigonere. Nditayatsa, lawi linakwera lalitali, likufuka utsi wakuda.

"Chingwecho chatalika," anatero. "Zimitsa, udule, uyambirenso."

Ndinazimitsa, ndinadula, ndinayambiranso.